Kholo likayamba masewera pa zaka 45, tisaliseke

Ku Canada ndi m'mayiko ena ozizira kuli matimu a ice hockey a anthu akuluakulu oyamba kumene. Masewerawa si ofewa. Munthu amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi, n'kumathamanga pa madzi oundana uku akukankha kachimbale ka labala ndi ndodo. Ena mwa olowa m'matimu amenewa ndi makolo a zaka 40 kapena kuposerapo, amene anatopa ndi kukhala pabenchi kudikira kuti mwana amalize kusewera. Amagwa, n'kudzuka, mwana wawo yemwe n'kumawaphunzitsa kaimidwe.

Kwathu ku Chitipa kumazizira ndithu. Amene anagonapo ku Misuku mu June kapena July akudziwa. Koma bwalo la madzi oundana tilibe, ndipo sindikupempha khonsolo kuti itimangire. Chimene ndikufuna tibwereke kwa anthu amenewa ndi mtima wa kholo lolola kukhala wophunzira pamaso pa mwana wake. Ndikuona kuti mtima umenewu ukusowa m'makomo mwathu, ndipo ife achinyamata tili ndi gawo pa kusowa kwake.

Timakula tikudziwa kuti masewera ndi a ana. Bambo akakwatira amapachika nsapato za mpira. Mayi akabereka mwana woyamba, mpira wamanja umathera pomwepo. Wamkulu malo ake ndi kunja kwa bwalo: kuonerera, kukalipira oyimbira, kapena kumvera pa wailesi mmene Chitipa United yachitira. Inde alipo matimu a madala amene amasewera Lamlungu, koma kawirikawiri amalowamo ndi amuna amene ankasewera kale, ana saloledwa, ndipo nthawi zambiri zimathera pa botolo. Munthu amene sanagwirepo mpira chibadwire alibe polowera.

Amene amati thupi la zaka 40 latha ntchito ayenera kukumbukira Mary Waya. Anabadwa mu 1968, ndipo anali ndi zaka 39 pamene Malawi Queens inakhala pa nambala 5 pa mpikisano wa dziko lonse ku Auckland mu 2007. Ku ice hockey komweko, Gordie Howe anapuma mu 1971, koma mu 1973 anabwerera ali ndi zaka 45 kuti asewere timu imodzi ya Houston Aeros ndi ana ake, Marty wa zaka 19 ndi Mark wa zaka 18. Anasiya mu 1980 ali ndi zaka 52. Awiriwa anali akatswiri kuyambira ubwana, choncho sangakhale muyezo wa aliyense. Akungotisonyeza kuti zaka pazokha si chifukwa chokwanira. Chotchinga chachikulu kwathu ndi manyazi.

Azakhali anga, amene amagulitsa nyemba ndi tomato pamsika wa pa boma, anayamba mpira wamanja ali ndi zaka 43. Mwana wawo wamkazi anali Fomu 3, ndipo timu ya atsikana a kutchalitchi inkaperewera munthu mmodzi pokonzekera. Masabata oyamba oyimbira ankangowaimbira wenzulo chifukwa choyenda ndi mpira. Anthu odutsa ankaima n'kumaseka, ena mpaka anakafunsa amuna awo ngati kunyumba kuli bwino. Chimene ine ndinaona n'chakuti mtsikana amene ankayankha amayi ake ndi "eya" ndi "ayi" basi anayamba kucheza nawo njira yonse yobwerera kunyumba. Nkhani zinkayambira pa kaponyedwe ka mpira, n'kufika pa za kusukulu, kenako pa za mnyamata wina amene ankamuvutitsa pa WhatsApp. Nkhani yotereyi sikadatuluka pakhonde, amayi atakhala pampando mwana atagwada.

Apa ndi pamene pagona mfundo yanga. Ulemu wathu ndi wabwino, koma uli ndi mtengo wake: mwana amazolowera kuti kholo ndi lofunsa ndi kuweruza, iye ndi woyankha. Pa msinkhu wa zaka 14 mpaka 18, pamene mwana akukumana ndi zibwenzi, mowa ndi mantha a mayeso a MSCE, njira yokhayo yolankhulirana imakhala ya bwalo la milandu. Pamasewera zinthu zimatembenuka kwa ola limodzi. Mwana ndiye amadziwa, kholo ndilo limalakwitsa. Mwana akaona amayi ake akulephera pagulu koma mawa n'kubweranso, amaphunzira kuti kulephera si imfa. Ife a ku yunivesite tikudziwa anzathu amene anasweka mtima ndi sapu imodzi yokha, chifukwa sanaonepo wamkulu akugwa n'kudzuka.

Palinso za thanzi. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Wina anena kuti mlimi wa khofi amene amakwera mapiri a Misuku tsiku ndi tsiku, kapena mayi wa ku Nthalire amene amalima ndi khasu kuyambira mbandakucha, safunika kuuzidwa zothamanga. Zoona, ndipo sindikunena za iwowo. Ndikunena za mphunzitsi, kalaliki, wa shopu ndi wa kabaza wa njinga yamoto, amene tsiku lonse amakhala pansi. Ndikunenanso za ifeyo zaka 20 zikubwerazi, tikadzapeza ntchito za mu ofesi zimene tikuzilakalakazi n'kumayesa mimba yaikulu ngati chizindikiro cha madalitso.

Mantha ena ndi omveka. Bondo la zaka 45 likavulala limachedwa kupola, ndipo kholo likagona, fizi imaima. N'chifukwa chake woyamba kumene ayenera kuyezetsa BP kaye kuchipatala, ayambe pang'onopang'ono, ndipo asapikisane ndi anyamata a zaka 17. Komanso si mwana aliyense amene angakonde kuona bambo ake pabwalo limene iye amapumirako maso a kunyumba. Kholo lifunse kaye. Mwana akakana, lipeze masewera ena oti awiriwo ayambire limodzi, monga volleyball, kuthamanga m'mawa kapena kupalasa njinga. Ndipo likalowa m'bwalo, lisiye ukholo pa geti. Bambo amene walowa timu kuti azilamula kochi ndi bwino akadakhala kunyumba.

Ena amati wamkulu akamathamangitsana ndi ana ulemu umachoka, poti akulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma moto umazima m'dambo ngati wafikako. Mwana amene amaopa kholo lake amakazimitsa moto wake kwa anzake kapena pa TikTok.

Pempho langa likupita kwa ife amene tikupita ku holide. Ambiri tili ndi azing'ono athu a ku sekondale, ndipo makolo athu sanafike zaka 55. Tikamapita kubwalo madzulo, tiwaitane. Tibwereke amayi nsapato, tiwafotokozere malamulo modekha monga iwo anatiphunzitsira kugwira khasu. Akaphonya mpira tisatulutse foni kuti tijambule. Atsogoleri a achinyamata m'mipingo ndi m'masukulu angathe kupatula tsiku limodzi pa mwezi loti makolo ndi ana asewere timu imodzi, oyamba kumene akhale patsogolo. Sipafunika bajeti ya boma, pafunika mpira umodzi ndi anthu osaseka.