Nthaka ya kwa Kaduya ikupita ife tikuwerenga matumba

Sabata ino utsi wakuta minda ya kwa Kaduya m'boma la Phalombe. Anthu ali pakalikiliki kusosa, ndipo ambiri akuunjika mapesi a chimanga ndi zinyalala za nandolo n'kuyatsa moto. Pofika madzulo m'munda mukungotsala phulusa ndi dothi lapamtetete, lodikira mvula yoyamba kuti ilikokolole. Pamsika wa Migowi nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi imodzi: feteleza wotsika mtengo afika liti, ndipo mayina a ndani atuluka?

Sitifulumira kuloza chala mlimi. Munda wake ndi wochepa, pakhomo pali ana ambiri, ndipo kuyambira 2005 pamene makuponi a feteleza anayamba wakhala akuuzidwa kuti chipulumutso chili m'thumba la feteleza. Feteleza amathandiza, palibe akukana. Koma kuthira feteleza panthaka yomwe ikukokoloka chaka ndi chaka n'kutunga madzi ndi dengu. Kafukufuku wa bungwe la FAO anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya dothi lokwana matani 29 pa hekitala iliyonse pachaka. Kodi adzukulu a alimi a lerowa adzalima pati?

Anthu a ku Phalombe amaudziwa ukali wa madzi. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabwereza, minda yambiri inasanduka mchenga ndi miyala. Dothi lochoka m'mindamo limatsata mtsinje wa Phalombe n'kukakwirira nyanja ya Chilwa, yomwe inauma mu 1995 ndipo inaphweranso kwambiri mu 2018. Khasu la kumtunda likulanda chakudya msodzi wa matemba ndi mlimi wa mpunga kumunsi.

Alipo alimi ena oyenera kuwaombera m'manja. M'minda mwawo mupeza mizere ya akalozera yodula chitsetse, udzu wa vetiva utagwira m'mphepete, mapesi ataphimbira nthaka, nandolo atasakaniza ndi chimanga. Kuseri kwa nyumba kuli matumba a manyowa a Mbeya. Mtengo wa nsangu sawudula, chifukwa akudziwa kuti umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kudyetsa mbewu. Awa ndiwo akuteteza chilengedwe, koma thandizo lomwe amalandira n'lochepa zedi.

Apa ndiye sitibisa mawu. Tanena kangapo patsamba lino, ndipo tibwerezanso: akuluakulu athu amakonda kuwerenga zomwe agawa m'malo mwa zomwe zapindula. Nyengo yodzala mitengo ikafika mu Disembala amabwera ndi mdipiti wa galimoto, kudzala kambande kamodzi pamaso pa atolankhani, kulengeza mamiliyoni a mitengo, basi ulendo wa kutauni. Ndani amabwerera mu Okutobala kudzaona kuti yaphuka ingati? Mlangizi wa zaulimi mmodzi akusiyidwa ndi midzi yosawerengeka, panjinga yakapalasa. Matumba a makala akutsika m'mapiri dzuwa likuswa mtengo, kudutsa pamaso pa anthu olipidwa kuti ateteze nkhalango. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lino, watsala pang'ono kutheratu. Izi n'zochititsa manyazi, ndipo ulesi wa mtundu umenewu ukuphetsa anthu.

Unduna wa zaulimi uyambe kutiuza kuti minda ingati yatetezedwa ku kukokoloka, ndipo ulembe alangizi okwanira n'kuwapatsa zoyendera. Khonsolo ya Phalombe pamodzi ndi mafumu a kwa Kaduya akhwimitse malamulo a m'midzi oletsa kutentha minda, kulima m'magombe a mitsinje ndi kutsegula minda m'mapiri, ndipo wolakwa alipe chindapusa ngakhale akhale mbale wa mfumu.

Inu alimi, zimitsani motowo. Mapesi amenewo ndi chakudya cha nthaka yanu, ndipo ikatha palibe boma lomwe lidzakugawireni ina.