Sitima, kwinini ndi mfuti: phunziro la a Headrick kwa ife

Ambiri a ife tinaphunzira kusukulu kuti azungu anatilanda dziko chifukwa anali anzeru ndi olimba mtima kuposa makolo athu. Ena amati makolowo anali ogona. Kodi nzoona? Pali katswiri wina wa mbiri yakale wa ku America, a Daniel Headrick, amene anathera moyo wawo wa ntchito pofufuza funso limeneli, ndipo yankho lawo likutikhudza ife a Malawi.

A Headrick anabadwa mu 1941. Atalandira digiri ya udokotala ku Princeton mu 1971, anali ataphunzitsa kale ku Tuskegee, sukulu yotchuka ya anthu akuda ku Alabama. Mu 1975 anapita ku Roosevelt University mumzinda wa Chicago, komwe anaphunzitsa zaka zoposa 30. Akatswiri anzawo ankakangana za chifukwa chimene azungu anafunira maiko a eni ake. Iwo anafunsa funso lina: anthuwa anali akuyendera magombe a Africa kwa zaka pafupifupi 400, nanga bwanji analephera kulowa mkati mpaka m'zaka za m'ma 1800?

Buku lawo la mu 1981, The Tools of Empire, linayankha kuti chilakolako chinalipo kale koma zida zinalibe. Choyamba chinali mankhwala. Malungo ankapulula azungu ngati ntchentche. Kwinini atayengedwa ku France mu 1820, ndipo sitima ya Pleiad itayenda mumtsinje wa Niger mu 1854 popanda kufa mzungu ndi mmodzi yemwe, khomo linatseguka. Chachiwiri chinali sitima yoyendera nthunzi, ndipo chachitatu chinali mfuti. Pa Omdurman ku Sudan mu 1898, mfuti za Maxim ndi mizinga zinapha asilikali a ku Sudan pafupifupi 10,000 tsiku limodzi, pamene mbali ya a British inataya anthu osakwana 50.

Ife sitifunika kupita kutali kuti tione zimenezi. Bishopu Mackenzie anamwalira ndi malungo m'chigwa cha Shire mu 1862 mankhwala awo atamira pamene bwato linagubuduzika. Mu 1875 sitima ya Ilala inalowa m'nyanja yathu, anthu athu mazanamazana atainyamula zidutswazidutswa pamutu kulambalala mathithi a Shire. Patangopita zaka 16, mu 1891, dziko lino linali m'manja mwa Britain. Paja akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Koma buku limene ndikufuna atsogoleri athu ataliwerenga ndi la mu 1988, The Tentacles of Progress. M'menemo a Headrick akuonetsa kuti atsamunda anabweretsa makina koma nzeru zopangira ndi kuyendetsera makinawo anazisunga okha. Njanji inabwera, koma mainjiniya anali azungu. Mwana wa eni dziko ankaphunzitsidwa ukalaliki, ukalipentala kapena kukonza zing'onozing'ono basi. Kuno njanji inafika ku Blantyre mu 1908, mlatho wa pa Zambezi unatsegulidwa mu 1935, ndipo ngongole yake inagwera boma la Nyasaland, kutanthauza msonkho wa anthu wamba. Pamene tinkalandira ufulu mu 1964 tinalibe yunivesite ndi imodzi yomwe.

Buku lawo la mu 1991, The Invisible Weapon, likufotokoza za mawaya a telegalafu ndi wailesi. Nkhondo itangoyamba mu 1914, a British anadula mawaya a pansi pa nyanja a Germany. Wogwira njira ya uthenga ndiye amalamula. Inu amene munali kunja pothawa ndale mukudziwa bwino: wailesi inali imodzi, makalata ankatsegulidwa, ndipo mu 1992 timakina ta fakisi ndi fotokope tinathandiza kuboola mpanda umenewo.

Pali ena amene amatsutsa a Headrick kuti akukweza zida mopitirira muyeso. Mfundo yawo ndi yomveka. Atsamunda sakanapambana popanda asilikali achikuda, onyamula katundu ndi mafumu amene anagwirizana nawo chifukwa cha udani wapachiweniweni. A Headrick nawonso, m'buku la mu 2010, Power over Peoples, akuvomereza kuti zida zimagonja, monga zinachitikira America ku Vietnam. Ndipo pa Adwa mu 1896, Mfumu Menelik ya ku Ethiopia inagonjetsa Italy chifukwa inali itagula mfuti zamakono ndi kugwirizanitsa anthu ake. Apa mpoonekeratu kuti nkhani sinali ya khungu kapena kuchepa nzeru.

Tsono funso langa ndi ili. Lero tikasaina pangano la msewu, magetsi, mgodi kapena intaneti, kodi timalembamo kuti mainjiniya athu angati aphunzire ntchitoyo kuyambira pa pulani mpaka pomaliza? Makina akaonongeka m'chipatala, timaitana yani? Ngati tikungolandira makiyi ndi kuvina pa tsiku lotsegulira, ndiye kuti tidakali pamene anatisiya atsamunda.

Aphungu athu aziona mapangano amenewa asanasainidwe, ndipo azifunsa za maphunziro a anthu athu. Ophunzira uinjiniya ku MUBAS ndi ku MUST aziphunziranso mbiri ya njanji ndi sitima za dziko lawo, kuti adziwe amene anapindula ndi amene analipira. Ndipo inu amene mwabwerako kunja ndi maluso osiyanasiyana, musawatsekere m'sutikesi. Phunzitsani achinyamata, kuti makina amene tigule mawa tidzathe kuwamasula ndi kuwamanganso tokha.