Kiyi wa makompyuta a boma asakhale m'thumba la mlendo

Mu November 2018, makina otapira ndalama a mabanki ambiri muno m'Mozambique anangoti zii kwa masiku angapo. Panalibe mbava imene inathyola kanthu. Kampani ya ku Portugal yotchedwa Bizfirst, mwini wa pulogalamu yoyendetsa SIMO, njira yolumikiza mabanki, inatseka ntchito pa mkangano wa malipiro, ndipo amene ndalama zake zinali pa khadi, kaya mphunzitsi wa ku Furancungo kapena wogula mbatata ya kachewere ku Tsangano, anangogwira njakata. Ndalama zinali zathu, koma kiyi wa nkhokwe anali m'thumba la mlendo. N'chifukwa chake ndikunena kuti maofesi a boma, zipatala ndi masukulu a ku Tsangano ndi Macanga asamukire ku mapulogalamu otseguka, amene aliyense amaloledwa kuwerenga mmene anawalembera, kuwakonza ndi kuwagawa popanda chiphaso chogula.

Nkhaniyi yafika pothina chifukwa pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zigamba zaulere zotetezera Windows 10, pamene makompyuta ambiri akale sangalandire Windows 11. Ofesi ya ku Ntengo-wa-Mbalame kapena ku Chidzolomondo imene ili ndi makina oterowo yatsala ndi njira ziwiri zoipa: kugula atsopano ndi ndalama imene palibe, kapena kupitiriza ndi makina osatetezeka, amene fulashi imodzi yochokera kosindikizira mapepala pamsika ingawapatse vayirasi. Pulogalamu yokopera mwachinyengo ndiye yoipitsitsa, poti sudziwa chimene wokoperayo anabisamo. Komatu kompyuta yomweyo imayenda bwino ndi Debian kapena Ubuntu, mitundu ya Linux, ndipo Ubuntu wa mtundu wa LTS amalandira zigamba kwa zaka 5 osalipira. ClamAV imasecha fulashi isanatsegulidwe, KeePassXC imasunga mapasiwedi m'malo molemba pakapepala komata pakhoma, ndipo rsync imakopera mafayilo onse pa disiki ina madzulo aliwonse ngakhale intaneti kulibe. Disiki yokhala ndi mayina a anthu olandira ma ARV ikatsekedwa ndi LUKS, woba laputopu amapita ndi chitsulo chokha, chinsinsi cha odwala osachiona. Izi si zachilendo kwa ife: SIS-MA, mmene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira ziwerengero za zipatala, inamangidwa pa DHIS2, pulogalamu yotseguka yochokera ku yunivesite ya Oslo.

Ena amati chimene aliyense angawerenge, mbava nayonso iwerenga. N'zoona, ndipo mapulogalamu otseguka akhalapo ndi ming'alu yoopsa, monga Heartbleed mu 2014 ndi Log4j mu 2021. Koma kubisa sikunapulumutse Windows mu May 2017, pamene WannaCry inatseka makompyuta m'zipatala za ku Britain mpaka odwala kubwezedwa. Taonaninso za mu March 2024: munthu wina anabisa khomo lachinsinsi m'pulogalamu yotseguka ya xz, ndipo katswiri Andres Freund, ataona kuti makina ake akuchedwa pang'ono, anafufuza mkati mwake n'kuligwira lisanafalikire. Anatha kutero chifukwa analoledwa kuyang'ana. Pa pulogalamu yotsekedwa, ife timangodikira mwini wake kuti avomere yekha.

Chodandaula chachiwiri n'cholemera kwambiri, ndipo sindichipeputsa. Akuti ndani adzasamalira zonsezi kuno kumapiri, kutali ndi mzinda wa Tete? Zoonadi, Linux yosasamalidwa imabedwa ngati ina iliyonse. Mu February 2022 masamba a pa intaneti angapo a boma la Mozambique analandidwa ndi gulu lodzitcha Yemen Cyber Army, ndipo mu February 2024 anzathu a kutsidya kwa malire ku Malawi anakhala milungu osalandira mapasipoti makina a ofesi yoona zolowa ndi kutuluka atasokonezedwa. Chitetezo chimafuna munthu wokhala pafupi ndi makinawo tsiku ndi tsiku. Koma apa m'pamene pulogalamu yotseguka imapambanira, pakuti ndalama ya ziphaso imatuluka m'dziko chaka ndi chaka, pamene yophunzitsira mnyamata kapena mtsikana wa konkuno imatsala konkuno, ndipo zimene waphunzirazo palibe kampani ingamulande.

Akuluakulu a maofesi a zamaphunziro (SDEJT) ndi zaumoyo (SDSMAS) m'maboma awiriwa, pamodzi ndi bungwe loyang'anira makompyuta a boma, yambani ndi zochepa. Lembani makompyuta onse amene akadali pa Windows 7 ndi Windows 10, sankhani sukulu imodzi ndi chipatala chimodzi poyambira, ndipo ikani pa bajeti ya chaka chamawa malipiro a katswiri mmodzi wokhazikika ku Tsangano ndi wina ku Furancungo.