Mwambo wa pa bwalo la gofu ungapulumutse bwalo lathu la mpira

Mvula ikatha m'mwezi wa Epulo aliyense wodutsa pa bwalo lathu la mpira kuno kwa Mphamba amadzionera yekha zimene zatsala. Ngolo za ng'ombe zadula pakati penipeni pa bwalo n'kusiya ngalande ziwiri. Maenje amene tinakumba pozika mitengo ya msasa wa msonkhano akali cikhalire. Pa goli palibe udzu ngakhale umodzi, ndi fumbi lokhalokha. Si kale pamene mwana wina wa sukulu anaponda m'dzenje lotere akuthamangira mpira, nathyoka mwendo. Makolo ake anagulitsa nshawa zimene anasungira mbeu kuti apeze ndalama ya ulendo wa ku cipatala.

Tikafunsa kuti waononga ndani, yankho limakhala lomwelomwelo: bwalo ndi la tonse. Koma ca tonse cikasowa wocisamala cimasanduka copanda mwini. Makolo anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Lero tifuna tibwerekeko nzeru ku malo kumene ambiri a ife sitinapondeko, pa bwalo la gofu.

Amene munafikako ku Chipata munaliona bwalo lalikulu la udzu ndi mitengo lili m'tauni momwemo. Ndilo Chipata Golf Club, ndipo lilipo kuyambira masiku a atsamunda pomwe tauniyo inali kuchedwa Fort Jameson. Masewerawo ndi omenya kampira kolimba ndi ndodo kufikira kalowe m'kadzenje kotakata mamilimita 108. Masewera athunthu ali ndi maenje 18. Anthu amayenda m'timagulu ta awiri, atatu kapena anai, gulu lina pambuyo pa linzake, ndipo amatha maola pafupifupi anai. Wopambana ndi amene wamenya kampira kocepa kuposa anzake. Malemu Dr Kenneth Kaunda anali kuwakonda masewerawa, ndipo ku State House kuli bwalo lake. Mu 2006 Madalitso Muthiya anakhala munthu woyamba wa mu Zambia kusewera mpikisano waukulu wa US Open ku Winged Foot, m'dziko la America.

Koma cimene catikoka ife si kamenyedwe ka mpira ai. Ndi mwambo wake. Malamulo oyamba a gofu analembedwa mu 1744 ku Leith, m'dziko la Scotland, ndipo anali 13 cabe. Masiku ano amayang'aniridwa ndi mabungwe awiri, la R&A la ku St Andrews ndi la USGA la ku America. M'buku la malamulo limene linayamba kugwira nchito mu 2019, lamulo la nambala 1.2, kumayambiriro kwenikweni, silikamba za zigoli. Likamba za khalidwe la munthu, ndipo limufunsa zinthu zitatu: akhale woona mtima, aganizire anzake, ndiponso asamale bwalo.

Tiyambe ndi kuganizira anzathu, makamaka pa nkhani ya nthawi. Pa gofu, munthu akafika pa mpira wake ndipo palibe comutsekereza, alimbikitsidwa kumenya asanathe masekondi 40. Mpira ukalowa m'tsekera, apatsidwa mamineti atatu okha oufunira. Kale anali asanu, koma anawacepetsa mu 2019. Nthawiyo ikatha mpirawo watayika basi, munthu alandira cilango ca sitiroko imodzi ndi kubwerera kukamenyera pomwe anamenyera poyamba. Gulu likaona kuti likucedwa ndipo kutsogolo kwake kulibe anthu, mwambo wake ndi kuima pambali ndi kuitana a pambuyo kuti apitirire.

N'cifukwa ciani akhwimitsa cotere? Werengani nokha. Gulu limodzi likataya mamineti awiri pa dzenje lililonse, pofika dzenje la 18 lataya mamineti 36. Nthawi imeneyo sataya okha. Magulu onse a pambuyo acedwa nao pamodzi, ndipo otsiriza dzuwa liwalowera masewera asanathe. Wocedwa amadya nthawi ya munthu amene samuona nkhope.

Kodi si zomwezi ticita ife tsiku la Ciweru ndi Lamulungu? Timu ya anyamata aakulu inena kuti mpira uyamba 14 koloko. Ifika 15 koloko akali kuyembekeza woyimba wezulo, ena akali kukangana za nsapato ndi za amene alowe poyamba. Masewera akayamba, goli imodzi itenga theka la ola kutsutsana. Ana aang'ono amene anauzidwa kuti adzasewera akulu akatsiriza, ndi atsikana amene afuna mbali ya bwalo, abwerera ku nyumba mdima utagwa osakhudzako mpira. Zengerezu analinda kwaukwau, koma kuno kwathu Zengerezu amasewera bwinobwino, olinda ndi ana a eni.

Caciwiri ndi kusamala udzu. Ndodo ya gofu ikamenya mpira nthawi zambiri imazula cigamba ca udzu pamodzi ndi dothi lake. Womenyayo ayenera kucitola, kucibwezera pomwe cacoka ndi kucipondereza, kapena kuthirapo mcenga. Akalowa m'dzenje la mcenga limene amaliika dala kuti likole mipira, asanacoke asalaze mapazi ake ndi reki, kuti mnzake wobwera pambuyo asapeze mpira wake uli m'phazi la wina. Pa udzu wosalala wozungulira kadzenje, mpira wogwa kucokera m'mwamba umasiya kacibowo. Aliyense amayenda ndi kacitsulo konga foloko kokonzera pamenepo. Osamalira mabwalo amati kacibowo kokonzedwa nthawi yomweyo kamapola msanga, koma kosiyidwa kamauma ndi kukhala cipsera kwa masabata. Tingolo tonyamulira zikwama sitiloledwa n'komwe kukwera pa udzu wosalalawo.

Kwa mlimi palibe cacilendo apa. Tonse tiudziwa kapinga. M'munda timadana naye cifukwa amayanga pansi ndi pamwamba, ukamudula aphukanso. Khalidwe lomwelo ndilo limucititsa kukhala udzu wabwino wa pa bwalo: pamene pakhadzuka, amayanga yekha ndi kutsekapo, malinga dothi likhale lofewa ndipo apatsidwe mpata. Comupha ndi mawilo a ngolo pa nthaka yonyowa. Mawilo amatsindira dothi, mizu isowa mpweya, madzi aleka kulowa pansi nayamba kutsata njira ya wilo. Caka coyamba ndi kamzere, caka cacitatu ndi ngalande. Mwini ngolo wapulumutsa mamineti asanu podulira pa bwalo, mudzi wonse wataya malo osewerera ana.

Cacitatu ndi kuona mtima. Masewera ambiri a gofu alibe woyimba wezulo wotsata osewera. Munthu amadziwerengera yekha ndi kudzineneza yekha akalakwa. Mu 1925, pa mpikisano wa US Open, katswiri wina dzina lake Bobby Jones anaona mpira wake wasuntha pang'ono m'maudzu pamene anali kukonzekera kumenya. Oyang'anira sanaone, koma iye anaumirira kuti alembedwe cilango ca sitiroko imodzi. Potsiriza analingana ndi Willie Macfarlane, ndipo pa masewera obwereza anagonja. Anataya cikho, koma patha zaka zana limodzi anthu akali kumukumbuka ndi nkhani imeneyi. Ife pa bwalo pathu sitisowa wapolisi. Amene anadutsitsa ngolo adzidziwa, amene anasiya maenje adzidziwa.

Tidziwa ena mwayamba kale kung'ung'udza. Muti gofu ndi masewera a mabwana, ndipo pa nthawi ya atsamunda munthu wakuda anali kulowa m'makalabu amenewo ngati wonyamula zikwama kapena wochecha udzu. Ndi zoona. Muti iwo ali ndi makina ndi anchito olandira malipiro, ife tili ndi makasu ndi zikwakwa. Ndi zoonanso. Koma taonani: ngakhale kumene kuli anchito olipidwa, lamulo likuti wosewera mwini wake awerame abwezere cigamba cimene wazula, kaya ndi nduna ya boma kaya ndi mwini sitolo. Ngati iwo okhala ndi anchito acita tero, nanga ife amene tilibe wotikonzera?

Ndipo gofu sinayambe ngati masewera a mu mpanda. Bwalo lakale la ku St Andrews, limene osewera a dziko lonse amalilemekeza, linali malo a anthu onse a m'tauniyo, odyetsako ziweto ndi kuseweretsako mpira. Mu 1552 Arkibishopu John Hamilton anatsimikiza m'kalata kuti anthu a m'tauni ali ndi ufulu wosewera pamenepo. Kufikira lero, kupatula masiku a mipikisano ikuluikulu, bwalolo sasewerapo gofu tsiku Lamulungu. Udzu umapumula, ndipo anthu wamba amayendapo ndi mabanja ao. Malo a tonse akhalitsa zaka zoposa 400 cifukwa ogwiritsa nchito anagwirizana za mwambo. Kupumuza nthaka ife tinakudziwa kale, makolo athu anali kusiya tsala.

Cotero tipempha a nyakwawa, makomiti a masukulu, atsogoleri a matimu ndi a mipingo yonse kuti tikhale pansi mvula isanagwe, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse. Ife tiganiza zinai.

Coyamba, kuyambira Disembala kufikira Malichi ngolo, mathirakitala ndi magalimoto zisadutse pa bwalo. Tilambule njira ya m'mbali ndi kuzika zikhomo m'makona kuti wina asanene kuti sanadziwe malire.

Caciwiri, aliyense wobwereka bwalo, kaya ndi a cipani, a mpingo, a ukwati kapena ogula mbeu, asacoke asanakwirire maenje ndi kutola zinyalala. Ife a mpingo tiyambe ndife, pakuti maenje ena ali pamenepo ndi a misasa yathu.

Cacitatu, m'mwezi wa Januwale timu iliyonse ibwere ndi mitolo ya kapinga wozulidwa m'minda, amene timangomutaya m'malire. Atipule pa magoli ndi pakati pa bwalo, abzale, ndipo bwalo lipumule masabata anai. Pa nthawi imeneyo anyamata ambiri ali kale kotanganidwa ndi kupalira.

Cacinai, nthawi ya masewera ilembedwe pa bolodi ndi kusungidwa. Timu yocedwa kupitirira mamineti 15 ipatse mpata amene akonzeka, monga acitira a gofu, ndipo ana ndi atsikana akhale ndi ola laolao losalandidwa.

Zonsezi sizifuna ndalama ya boma kapena ya mabungwe. Zifuna khasu, wilibala ya dothi ndi mtima wokumbuka kuti pambuyo pathu pakubwera wina. Mwina mwa ana amene akuthamanga opanda nsapato pa bwalo lathu mulibe amene adzagwire ndodo ya gofu. Koma onse adzakhala eni minda, eni ngolo ndi eni madambo odyetsako ng'ombe. Akaphunzira lero kukwirira dzenje limene akumba ndi kusacedwetsa mnzao, mawa sitidzavutika kuwauza za zitsime ndi misewu. Mwana uja anathyoka mwendo wacira, ndipo wayambanso kusewera pa bwalo lomwelo. Dzenje limene linamuthyola likalipo. Ciweru cikudzaci tidzapitako ndi makasu m'mawa, ndipo amene afuna abwere atipeze.