Musanagule jombo, funsani nthaka ya Mdeka

Ana anga a ku Mdeka, Lirangwe mpaka ku Chileka, chimanga chalowa m'nkhokwe, udzu wauma, agalu ayamba kale kununkhiza kutchire. Ino ndiyo nyengo imene mumanyamula chibonga, legeni ndi khasu kukatsata mikwaso ya mbewa, kukautsa kalulu ndi nkhwali. Zida zonsezi mumazikonza bwino, koma chovala kuphazi ambiri mumachikumbukira minga itakulasani kale.

Ndamva mkangano wanu. Ena mukuti mlenje weniweni avale jombo yolimba pansi, yosapindika. Ena mukuti ayi, nsapato yofewa ngati zothamangira zija ndiyo yabwino chifukwa sichita phokoso. Nonse muli ndi mfundo, koma safunsa anadya phula. Woyamba kumufunsa pankhaniyi si wogulitsa pamsika, koma nthaka imene mukapondeyo.

Nthaka yathu mukuidziwa. Mukachoka pa Lirangwe kutsata msewu wa M1 kutsikira ku Zalewa, kumene mtsinje wa Shire umadutsa, dziko ndi lotentha, louma, la miyala yosongoka, mitengo yaminga ndi malambe. Ikafika Seputembala ndi Okutobala dothi limaotcha phazi dzuwa lisanafike paliwombo. Ndiye pali ziputu. Tchire likapsa, udzu ndi timitengo zimasiya tizitsa takuthwa ngati misomali, tobisika m'phulusa. Munthu wothamangira galu sayang'ana pansi, maso ake ali pa kalulu.

Pamalo otere nsapato yolimba pansi imagwira ntchito imene yofewa singathe. Mukaponda mwala wosongoka, kulemera kwa thupi lanu kumagawika paphazi lonse m'malo mothera pamalo amodzi. Minga ya mthethe imathyokera panja osafika pamnofu. Pokwera chitunda cha miyala, kapena poyenda m'mbali mwa phiri mutasenza katundu, phazi limapeza pokhazikika, silipindikira uku ndi uku, ndipo madzulo mumafika pakhomo mtsempha wa kunsi kwa phazi usakuwawa. Wovala yofewa amayamba ulendo akuseka, koma pobwerera amayenda monyang'ama, mwala uliwonse akuumva.

Komabe walira mvula walira matope. Jombo yolimba ndi yolemera, imatentha, ndipo pamasamba ouma ndi pansangalabwi imalengeza kuti munthu akubwera. Simumva kamtengo kouma kamene kali pansi panu mpaka katathyoka, nkhwali n'kuuluka. Ikakhala yatsopano imakwecha chidendene mpaka matuza, chifukwa phazi likufuna kupinda pomwe nsapato ikukana. Pathanthwe losalala, yofewa imagwira bwino popeza imatsata mwalawo. Choncho wokatchera misampha kudimba, kapena wozembera mbalame mumchenga wa m'mbali mwa mtsinje wa Lirangwe, atha kuvala yofewa popanda vuto.

Pali jombo ina imene ndikufuna tiikambe payokha: ija ya chitsulo kutsogolo, imene abale athu amabwera nayo kuchokera ku Joni. Jombo zotere sizinayambe lero kufika m'midzi muno. Azigogo anu amene anapita kumigodi kudzera ku Wenela, ulendo umene boma linauimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, komanso amene anatsatira pa Theba, ankabwera nazo ndipo mudzi wonse unkazisirira. Koma anazipangira mumgodi ndi mufakitale, kuti mwala kapena chitsulo chikagwa zala zisaphwanyike. Sanazipangire munthu wothamanga tsiku lonse padzuwa la ku Mdeka. Akuluakulu omwewo akamapita kuuzimba, ambiri ankazisiya m'nyumba n'kumanga nkhwayira za tayala. Onani nzeru yake: tayala minga silowa, koma limapinda pamene zala zikupinda, ndipo ndi lopepuka. Chimene nkhwayira zinkasowa ndi kuphimba pamwamba pa phazi ndi akakolo basi.

Apa ndiye pali yankho langa. Kwa ife a kuno, m'chilimwe, sankhani nsapato yolimba kuyambira kuchidendene mpaka pakati pa phazi, koma yovomera kupinda kumene zala zimayambira. Ikhale yofika pamwamba pa akakolo chifukwa cha njoka. Mphiri sithawa munthu ngati njoka zina, imangogona phee m'njira, ndipo anthu ambiri imawaluma kuphazi ndi m'munsi mwa mwendo. Pamenepo kulimba kwa pansi sikukuthandizani, chofunika ndi chikopa chokhuthala cham'mbali ndi buluku lalitali.

Tsono pogula. Ambirife timagula pakaunjika ku Lunzu kapena ku Limbe, ndipo palibe chochititsa manyazi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa amaipaka polishi mpaka kung'anima, inu maso n'kuthera pamwamba. Itembenuzeni. Igwireni kuchidendene ndi kutsogolo, muipinde. Ikapindika pakati penipeni mosavuta, isiyeni, imeneyo ndi ya mumsewu wa phula. Ikakana kupinda ngakhale kuzala, idzakupwetekani. Ipotoleninso monga mukufinya chovala: yabwino imalimbalimba. Kenako kanikizani chala pansi pake mwamphamvu, ndipo mukande ndi chikhadabo. Nsapato zina zakhala zaka m'nyumba zosungira katundu kunja zisanafike kuno, mphira wake unafa kale ngakhale ukuoneka watsopano. Zotere zimanyenyeka tsiku loyamba, munthu n'kubwerera kumudzi atazimanga ndi luzi.

Yesani nsapato masana kapena madzulo, pamene phazi latupako ndi kuyenda, mutavala sokosi zomwe mudzavale kutchire. Kutsogolo kutsale mpata wa chala chimodzi, kuti potsetsereka zikhadabo zisamagunde. Mukagula, pitani nayo kwa wosoka nsapato aizungulize ndi ulusi, chifukwa guluu yekha sapirira kutentha kwa kuno. Pansi pakakhala popyapyala, mupempheni aikepo chidutswa cha tayala. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi ya nsapato ina. Musaiyambire ulendo wautali, yambani mwaivala popita kumunda ndi kuchigayo mpaka izolowerane ndi phazi.

Minga kapena chiputu chikakulasani mozama, musangothira dothi kapena phulusa n'kupitiriza. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi momwemo ndipo timakonda bala lakuya. Tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, mupite kuchipatala cha Mdeka kapena Lirangwe tsiku lomwelo. Njoka ikaluma, musatemere mphini kapena kuyamwa bala, thamangitsani munthuyo kuchipatala. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Nsapato yabwino isakutengereni kumene simuyenera kupita. Inu a ku Chileka, phiri la Michiru ndi malo otetezedwa, kusaka kumeneko ndi mlandu. Lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992 analikhwimitsa mu 2017, ndipo wopezeka ndi nyama monga ngaka atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Mukaiona ngaka, ilekeni ipite, kapena dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire.

Koma chimene chimandiwawa mtima kwambiri ndi ziputu zija. Sizimera zokha, timazipanga ndife. Mnyamata amayatsa tchire lonse pofuna mbewa zodzaza m'kathumba kamodzi. Moto umatha udzu wofolerera nyumba, msipu wa ng'ombe ndi mbuzi, timitengo tophukira pamene amakala anadula, nthawi zina ndi nyumba ya munthu yomwe. Mvula yoyamba ikagwa padothi lopanda chophimba, nthaka yachonde imakokoloka kupita ku Shire, kukadzaza matope kumene amapangira magetsi ku Nkula ndi Tedzani, ife n'kutsala ndi miyala yokhayokha. Chaka ndi chaka nthaka ikuumirabe, ndipo ana aang'ono, amene alibe nsapato ya mtundu uliwonse, ndiwo amayenda m'phulusamo pokatola nkhuni ndi pokadyetsa mbuzi.

Gulani yolimba pansi, yopinda kuzala, yophimba akakolo, ndipo muisoketse musanaivale. Koma chaka chino, chonde ana anga, machesi asiyeni kunyumba.