Ana athu akuphunzila nzelu za Agiliki pa foni, azibweletse ku bwalo

Pali nkhani imene yayamba kumveka m'makomo mwathu kuno kwa Nkomeshya, ndipo makolo ambili akuikamba modandaula. Akuti anyamata ndi atsikana ena amene anatsiliza sekondale, ndi ena amene ali ku makoleji monga ku Chalimbana, akuthela ndalama za mabandulo pa kupenyelela mavidiyo a aphunzitsi a kunja okamba za anthu amene anafa zaka zopitilila 2,300 zapitazo, Socrates, Plato ndi Aristotle. Funso la makolo ndi lomveka: kodi zimenezi zidzagula thumba la feteleza? Kunena zoona sizidzagula. Koma ife tikuona kuti maphunzilo amenewa angathe kuteteza munda umene fetelezayo athilidwamo, malinga ngati anawo abwela nao ku bwalo kumene nkhani za mudzi zimakambidwa.

Tiyambe ndi cimene casintha. Kale munthu wofuna kumva za Plato m'dziko lino anali ndi zitseko zocepa kwambili: University of Zambia ku Lusaka, kapena seminale yaikulu ya Mpima kufupi ndi Kabwe, kumene ofuna unsembe amaphunzila filosofi. Mwana wa mlimi wa ku Kanakantapa anali kukalamba osamva ngakhale dzina la Aristotle. Mu 2007 yunivesite ya Yale ku America inayamba kuika maphunzilo ake pa intaneti kwaulele, ndipo pakati pao panali nkhani 24 za Pulofesa Steven Smith, zimene zimayamba ndi mlandu wa Socrates ndi kupitiliza ndi buku la Plato lochedwa Republic ndi la Aristotle lochedwa Politics. Mu 2009 yunivesite ya Harvard inatulutsa zigawo 12 za maphunzilo a Pulofesa Michael Sandel pa nkhani ya cilungamo. Zonsezi zili pa YouTube. Ndipo pamene masukulu anatsekedwa mu March 2020 kamba ka matenda a korona, ana athu amene anali ndi mafoni anazolowela kufuna mphunzitsi m'menemo.

Mantha a makolo si a lelo. Mu 423 BC, wolemba masewelo wa mu mzinda wa Athens dzina lake Aristophanes anaonetsa sewelo la mlimi wokalamba amene anamila m'nkhongole cifukwa mwana wake anali kukonda akavalo. Mlimiyo anatumiza mwanayo ku sukulu ya Socrates kuti akaphunzile kupambana pa mlandu. Mwana anabwelako ali wocenjela pakamwa, anamenya atate ake, ndipo anapeleka zifukwa zoonetsa kuti kuwamenya kunali koyenela. Anthu anaseka, koma m'mitima anasunga mau akuti munthu ameneyu akuononga ana. Patapita zaka 24, mu 399 BC, Socrates anaimbidwa mlandu wosalemekeza milungu ya mzinda ndi wosokoneza acinyamata. Oweluza pafupifupi 500 anamupeza wolakwa, ndipo anamwa cakumwa ca poizoni ali ndi zaka ngati 70.

Nanga nchito yake inali yotani? Anali kuyenda pa msika ndi kufunsa akuluakulu kuti afotokoze mau amene iwo eni anali kugwilitsa nchito. Wina akati ndine wolungama, Socrates anali kufunsa kuti cilungamo ndi ciani, mpaka munthuyo ataona yekha kuti sakudziwa. Makolo athu anati safunsa anadya phula, koma tonse tidziwa kuti m'midzi mwathu mnyamata wofunsa za ndalama za komiti amachedwa wamwano asanatsilize ndi funso lomwe. M'dziko lathu lino cilango ca imfa ndiponso mlandu wa kunyoza Pulezidenti zinacotsedwa m'malamulo mu December 2022, ndipo mu December 2023 kunasainidwa lamulo la Access to Information, lopatsa nzika mphamvu yopempha maofesi a boma kuti aonetse zolembedwa zao. Lamulo latsegula njila yofunsila. Cotsala ndi anthu odziwa kufunsa bwino, mwaulemu, ndipo osaleka mpaka yankho litabwela.

Apa ndi pamene alimi tiyenela kuchela khutu, cifukwa nkhani zambili za Agiliki ndi nkhani za minda. Ca m'ma 594 BC, alimi osauka a ku Athens anali atapinyolitsa minda yao kwa olemela, ndipo ena anagulitsidwa ukapolo cifukwa ca nkhongole. Mtsogoleli wina, Solon, anafafaniza nkhongolezo, anazula miyala imene inali kuonetsa minda yopinyolitsidwa, ndipo analetsa kuti munthu akhale cikole ca ndalama zimene wakongola. Anaona kuti mzinda umene alimi ake ataya nthaka sungakhale pa mtendele. Ife tili pa mtunda wa makilomita ngati 45 kucokela ku Lusaka, ndipo mzindawo ukukula kulowela kuno. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a cikhalidwe asandutsidwe a taitolo ya zaka 99 ngati mfumu ndi khonsolo avomeleza, ndipo malo akangocoka m'manja mwa mudzi mwanjila imeneyi sitinaone akubwelela. Amai Mfumu Nkomeshya Mukamambo II akhala akucenjeza anyakwawa kambilimbili za kugulitsa malo. Mwana amene wamva nkhani ya Solon adzamvetsa msanga cenjezo limenelo, ndipo angathe kukhala pansi ndi atate ake tsiku limene munthu wa galimoto abwela ndi pepala loti asaine.

Nkhani yaciwili ndi ya ndalama za anthu. Ku Athens maudindo ambili anali a caka cimodzi cabe, ndipo pomaliza caka munthu aliyense waudindo anali kuonekela pamaso pa owelengela ndalama kuti afotokoze mmene anagwilitsila nchito cuma ca mzinda. Nzika iliyonse inali ndi ufulu wobweletsa dandaulo pa nthawiyo. Tiyelekeze ndi zathu. Ndalama za citukuko za CDF zinali K1.6 miliyoni pa dela la phungu lililonse mu 2021. Mu 2022 zinakwela kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinafika K36.1 miliyoni. Ndalama zimenezi ndi za makalasi, madesiki, zipatala zazing'ono, mijigo, mabasale a ana a sukulu ndi ngongole za magulu a amai ndi acinyamata. Zopempha ziyenela kuyambila ku komiti ya citukuko ya wodi, imene ambili timaidziwa ndi dzina lakuti WDC. Tifunsane moona mtima: ndani mwa ife adziwa maina a mamembala a komiti ya wodi yake? Ndani anaonapo pepala loonetsa mtengo wa kalasi imene inamangidwa pafupi ndi kwao?

Ena amati nkhani zotelezi tiwasiyile ophunzila. Aristotle, amene anakhala ndi moyo kuyambila 384 mpaka 322 BC ndipo pamodzi ndi ophunzila ake anasonkhanitsa malamulo a mizinda 158, anayankha maganizo amenewa mwanjila imene mlimi aliyense angamve. Anaphunzitsa kuti wokhala m'nyumba amaweluza ubwino wake kupambana mmisili amene anaimanga, ndipo wakudya amadziwa kukoma kwa cakudya kupambana wophika. Mai amene amatunga pa mjigo tsiku ndi tsiku safuna digili kuti adziwe kuti unakumbidwa mosafika pansi. Anaphunzitsanso kuti anthu ambili akasonkhana angathe kuweluza bwino kuposa anzelu ocepa, monga mmene phwando losonkhelana limapambanila la munthu mmodzi. Ifenso timati mutu umodzi susenza denga.

Koma Aristotle yemweyo ananena cinthu cina cimene ciyenela kutidzutsa. Iye anaona kuti ulamulilo wa anthu umayenda mosavuta kumene nzika zambili ndi alimi, cifukwa alimi amatanganidwa ku munda ndipo sapeza nthawi yobwela ku misonkhano kawilikawili. Kwa iye umenewu unali ubwino. Kwa ife ndi cenjezo, pakuti msonkhano woitanidwa mu December, pamene aliyense ali ndi khasu m'manja, umatha ndi anthu asanu ogwilizana kale. Anthu a ku Athens anaona vuto limeneli, ndipo ca m'ma 400 BC anayamba kupatsa kandalama aliyense wobwela ku msonkhano wa mzinda, kuti wosauka asataye cakudya ca tsikulo. Ife sitikupempha malipilo. Tikupempha kuti masiku a misonkhano ya wodi alengezedwe msanga, ndiponso aikidwe pa nthawi imene mlimi angathe kufika.

Sitikunena kuti ana athu ameze zonse zimene Agiliki anaphunzitsa. Mu msonkhano wa ku Athens munalibe mkazi ngakhale mmodzi, munalibe kapolo, munalibe mlendo. Aristotle anaikila kumbuyo ukapolo ndipo anali kuona mkazi ngati wosayenela kulamulila. Asoli akhala pansi pa utsogoleli wa mai kuyambila m'zaka za m'ma 1970, ndipo pa mwambo wa Chakwela Makumbi ndi iwo amene amatsogolela anthu kupempha mvula ndi kuyamba nyengo ya ulimi. Pa mfundo imeneyi mwana wa kuno ali ndi cophunzitsa Aristotle. Nayenso Plato, atakhumudwa ndi imfa ya mphunzitsi wake Socrates, anayelekeza dziko ndi combo cimene amalinyelo akulimbilana ciongolelo pamene wodziwa nyenyezi akunyozedwa, ndipo anafuna kuti anzelu ocepa alamulile onse. Matenda amene anaona ndi enieni, pakuti taona mavoti akugulidwa ndi citenge ndi mowa. Koma ife amene tinakhala mu ulamulilo wa cipani cimodzi kuyambila mu December 1972 mpaka masankho a mu October 1991 tidziwa mmene zimathela pamene otsogolela akhulupilila kuti adziwa zonse ndipo palibe wowafunsa.

Tsopano tifike pa kufooka kwa mavidiyo eni ake. Coyamba ndi mtengo. Nkhani imodzi imatenga mphindi 40 kapena kuposa, ndipo bandulo imatha nkhani ikali pakati. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kuzima maola 17 ndi kupitilila pa tsiku, ndipo ngakhale kuchajitsa foni kunali kwa ndalama. Motelo mwai umenewu ukufika kwa ana a m'makomo opezako bwino, ndipo ena akutsala. Caciwili ndi cilankhulo. Aphunzitsiwo amakamba Cizungu cothamanga, ndi zitsanzo za ku America, ndipo palibe mwa iwo amene anamvapo za nyakwawa kapena za mavuto a feteleza wa FISP.

Cacitatu ndico cacikulu. Socrates sanalembe buku ngakhale limodzi. Plato, m'buku lake lochedwa Phaedrus, akuonetsa Socrates akudandaula kuti mau olembedwa ali ngati cithunzi: amaoneka amoyo, koma ukawafunsa kanthu amangobweleza zomwezo. Vidiyo ilinso cimodzimodzi. Ungaibweze kumbuyo kakhumi, koma sidzakufunsa ngati wamvetsa, ndipo sidzakutsutsa ukalakwa. Mnyamata amene amapenyelela yekha usiku m'kanyumba kake, tumawaya tuli m'makutu, angathe kutuluka ndi mau akuluakulu ndi mtima wonyoza akulu, monga mwana wa m'sewelo la Aristophanes. Nzelu za ndale za Agiliki zinabadwila pa msika ndi pa bwalo, pamene munthu anali kukamba ndi kuyankhidwa pamaso, ndipo zimakula pokhapokha pamene pali wina wokutsutsa.

Cifukwa cake tikupempha zinthu zotheka. Mmodzi akakhala ndi netiweki yabwino, atsitse nkhaniyo kamodzi ndi kugawila anzake pa memole khadi, kuti ndalama zisaonongeke kasanu pa cinthu cimodzi. Apenyelele m'magulu, pa sukulu, pa mphakati kapena pa shedi ya kopaletivu, ndipo pomaliza mmodzi afotokoze m'Cinyanja kapena m'Cisoli zimene wamva. Amene walephela kufotokozela ambuye ake tanthauzo la cilungamo m'cilankhulo ca kwao sanamvetse, ngakhale atadziwa maina onse a mabuku. Aphunzitsi a Civic Education ndi aphunzitsi opuma pa nchito amene ali pakati pathu angathandize kutsogolela makambilano amenewa. Ndipo gulu lililonse lisankhe funso limodzi la kwathu, monga mtengo wa mjigo wa CDF kapena malile a dambo lodyetselako ng'ombe, ndi kulitsatila mpaka ku ofesi yoyenela.

Kwa inu makolo, musathamangile kulanda foni. Funsani mwanayo kuti akuuzeni zimene Solon anacitila alimi, ndipo mumuuze inunso mmene agogo anu anali kuweluzila mlandu wa malile. Kwa inu anyakwawa ndi makansala, mnyamata kapena mtsikana akaimilila pa msonkhano ndi kufunsa mwaulemu kumene ndalama zinapita, muyankheni ndi mapepala m'manja. Ndipo kwa inu acinyamata, pulofesa wa ku Yale sadzafika ku msonkhano wa wodi yanu. Funsani kwa kansala tsiku la msonkhano wotsatila, lembani funso lanu pa pepala, ndipo mupite pamodzi ndi makolo anu.