Furiji isakudyereni phindu

Amayi anzanga, inu amene mumagulitsa mafirizesi kapena thobwa lozizira ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula, mukudziwa momwe mayuniti a ESCOM amathera msanga. Ena mwayamba kuzimitsa furiji usiku. Ine ndikuti musatero. Kuchigwa kuno, komwe mu Okotobala kumatentha kupitirira madigiri 40, nsomba ndi nyama zimayamba kuwonongeka zisananunkhe. Ndalama mwapulumutsayo mukaisiya kuchipatala mwana akatsekula m'mimba.

Chodya magetsi kwambiri ndi kasamalidwe kathu. Furiji imatayira kutentha kumbuyo kwake, ndiye musaigunditse kukhoma, musaiyike pafupi ndi mbaula kapena pomwe pamafika dzuwa, ndipo muzipukuta fumbi la kumbuyoko. Thobwa lizizire kaye musanaliyikemo. Ayisi akaunjikana, msungunuleni.

Yesaninso labala wa chitseko: panitsani pepala potseka, kenako likokeni. Likatuluka mosavuta, mpweya wozizira ukuthawira pomwepo usana ndi usiku. Labala watsopano ndi wotchipa kusiyana ndi mayuniti a chaka chonse.

Mu Juni ndi Julayi, kunja kukazizirako, furiji sifunika mphamvu za mu Okotobala. Bwezani kachotembenuzira ka mkati kafike pakatikati, bola chakudya chikhalebe chozizira bwino, pafupifupi madigiri 4. Magetsi akathima, musatsekuletsekule. Mabotolo a madzi oundana amasunga kuzizira kwa maola angapo.

Pamsonkhano wa mwezi uno, funsanani: ndani wayesa pepala lija?